Tinawapangira pulogalamu ya banki mkhonde, amayi a ku Bembeke n'kumalembabe m'kope

Linali Lachinayi mu Julayi 2022, nyengo ya chisanu cha ku Bembeke chija chimene chimalowa m'mafupa ngakhale dzuwa lili pamutu. Amayi 22 anayala mphasa kuseri kwa tchalitchi pobisala mphepo, bokosi lachitsulo la maloko atatu lili pakati pawo. Ine anandipatsa kampando chapambali. Maso anga anali pa chinthu chimodzi chokha: foni imene gululo linalandira miyezi inayi m'mbuyomo, momwe munali pulogalamu imene ine ndi anzanga tinaivutikira usana ndi usiku. Foniyo inali pamiyendo pa mlembi, itakulungidwa bwinobwino m'kansalu. Anapemphera, anaitana mayina, anagula masheya, angongole anabweza, ochedwa analipira chindapusa. Zonsezi mlembi analemba m'kope lake lachikuto cholimba. Foni sinatuluke m'kansalu kaja mpaka amayi atatu osunga makiyi anatseka bokosi.

Ndikulembera makamaka inu amene mwapatsidwa udindo woyendetsa kagulu kopanga mapulogalamu a pafoni kapena a pakompyuta, udindo umene m'maofesi timangoutchula kuti product manager. Munthu ameneyu nthawi zambiri salemba code, malamulo amene amauza foni kapena kompyuta zochita. Ntchito yake ndi kusankha: ichi tiyambe nacho, icho chidikire, chinacho tisachipange n'komwe. Ine ndinagwira ntchitoyi miyezi yambiri ndikudziona ngati ndikuidziwa, chonsecho mbali yachitatuyo, yokana, ndinali ndisanaichitepo ngakhale kamodzi.

Tinalipo asanu. Anyamata awiri olemba code, mtsikana mmodzi wojambula maonekedwe a pulogalamu amenenso ankaiyesa isanatuluke, bambo wina woyendera magulu kumidzi pa njinga yamoto, ndi ine. Ofesi yathu inali chipinda chimodzi cha lendi pa boma la Dedza. Ndalama zinkachokera ku bungwe lina la ku Lilongwe limene linkathandiza magulu a banki mkhonde ku Dedza ndi ku Ntcheu. Bungweli linatipatsa chikalata cha zinthu zoposa 30 zoti pulogalamu izichita: kulembetsa mamembala ndi zithunzi zawo, kuonetsa pa mapu pamene gulu lililonse lili, maphunziro a bizinesi, malipoti amitundumitundu oti akuluakulu aziona ali mu ofesi, ndi zina zambiri. Ine ndinangotenga chikalatacho n'kuchisandutsa backlog, mndandanda wa ntchito zodikira kugwiridwa, osachotsapo ngakhale mzere umodzi.

Kumbali ya dongosolo sitinali otayirira ayi. Tinkatsata Scrum, njira ya kagwiridwe ka ntchito imene anaikhazikitsa Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland. Ntchito tinkaidula m'zigawo za masabata awiri zotchedwa sprint, m'mawa uliwonse tinkakumana chiimirire kwa mphindi 15, ndipo pa Trello, bolodi la pa intaneti lolondolera ntchito, timakadi ta ntchitozo tinkayenda bwino kuchoka kumanzere kupita kumanja. Chaka chimenecho magetsi ankazima maola ambiri namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, choncho anyamata aja ankabwera usiku magetsi akayaka, atavala majekete awiriawiri. Chilichonse cha m'chikalata chija tinachipanga. Malipoti athu ankanena chiwerengero cha magulu olembetsedwa, ndipo chiwerengerocho chinkakwera mwezi ndi mwezi.

Chimene ndinali ndisanachite ndi kukhala pa msonkhano wa banki mkhonde kuyambira pa pemphero lotsegulira mpaka lotsekera. Ndinkamva kwa bambo wa njinga uja, iye ankamva kwa apampando a magulu, ndipo apampando, monga anthu aulemu, ankauza mlendo zimene mlendo afuna kumva: zikuyenda bwino, tikuthokoza. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ku Toyota ali ndi mawu awo a Chijapanizi, genchi genbutsu, otanthauza kuti pita wekha pamalopo ukaone chinthu chenichenicho. Ndinkawadziwa mawuwa, ndinkawatchula ndithu pocheza ndi anzanga, koma ulendo wa ku Bembeke, umene ngakhale pa kabaza si wotalika, ndinkangouzengereza.

Anthu atayamba kumwazikana ndinasendera kwa mlembi.

"Amayi, kodi foni ija ikuvuta?"

"Ayi achimwene, sikuvuta. Ndimalembamo madzulo kunyumba, mwana akabwera kusukulu amandithandiza. Nthawi zina ndimaphatikiza misonkhano itatu, ndikamva kuti abambo a njinga aja akubwera."

"Nanga bwanji osalembamo pompano, msonkhano uli mkati?"

Anakhala kaye phee, kenako anasisita kope lija. "Ndikaweramira pafoni, anzangawa aziona chiyani? Kope ili aliyense akhoza kulitenga n'kutsegula. Amene sadziwa kuwerenga amawerenga zidindo m'kabuku kake. Koma ndikati zonse zili mufoni, ndiye kuti ndalama za anthu zili m'manja mwa ine ndekha. Tsiku limene zidzasowe, adzaloza ndani?"

Ndinasowa choyankha. Banki mkhonde, kuchokera pamene bungwe la CARE linaiyambitsa ku Niger mu 1991, inamangidwa pa mfundo yoti pasakhale chochitika mseri. Bokosi lili ndi maloko atatu ndipo makiyi amasunga anthu atatu osiyana, amene si msungichuma. Ndalama amaziwerenga mokweza pamaso pa onse. Sheya iliyonse imene munthu wagula, kuyambira imodzi mpaka zisanu pa msonkhano, imadindidwa m'kabuku kake iye akuona. Potseka amalengeza ndalama zotsala m'bokosi kuti aliyense azisunge pamtima, sabata yamawa adzafunsane. Ife tinatenga zonsezi, zimene zinali poyera, n'kuzilowetsa m'kagalasi kakang'ono kamene amaona munthu mmodzi. Pulogalamu yathu inalibe cholakwika chilichonse cha code chimene chikanaoneka pa kompyuta. Inkangochotsa chinthu chimene chimagwirizitsa gululo.

Panalinso zina zing'onozing'ono zimene ndinaziona m'maola awiri amenewo. Padzuwa zilembo zathu zotuwa sizinkaoneka. Kuti mlembi alembe masheya a munthu mmodzi ankayenera kudina kasanu ndi kawiri, pamene m'kope ndi kungolemba nambala imodzi. Pulogalamu sinkasunga kanthu popanda netiweki, ndipo kuseri kwa tchalitchi kuja netiweki inkabwera n'kuthawa. Kutchaja foni kunali kolipira, ndipo palibe anali atagwirizana kuti ndalamayo izichokera thumba liti.

Masabata atatu otsatira ndinawathera pa mphasa. Ndinapita ku Lobi, ku Linthipe, ku Mayani, kenako ku Lizulu ndi ku Tsangano. Apa ndikupatseni chinthu chimene chinandithandiza kuposa china chilichonse: ndinasiya kufunsa kuti mukufuna pulogalamu izichita chiyani. Funso limenelo munthu amaliyankha mongokusangalatsa, kapena amatchula chimene anaona pafoni ya mwana wake. M'malo mwake ndinkati, tandiuzeni za tsiku lomaliza limene munakangana pagulu pano. Pamenepo nkhani zinkatuluka zokha, ndipo pafupifupi zonse zinkathera pa tsiku limodzi, tsiku lophwanya banki.

Amene simunakhalepo pa tsikuli, masamu ake ali chonchi. Tiyerekeze kuti sheya imodzi inkagulidwa K1,000 ndipo chaka chonse gulu lagula masheya 2,150. Ngongole zitabwezedwa ndi chiwongoladzanja chake, kuphatikizapo zindapusa, m'bokosi mwapezeka K2,870,000. Ndalamazi azigawe ndi masheya onse kuti apeze mtengo watsopano wa sheya imodzi, umene ukhala K1,334 ndi matambala ake. Kenako achulukitse ndi masheya a munthu aliyense payekhapayekha, n'kuchotsera amene ali ndi ngongole yotsala, osasakaniza ndi thumba la zadzidzidzi. Achite zimenezi kwa anthu oposa 20, ndi kakyuleta ya pafoni ya mabatani, aliyense ali tcheru, feteleza akumudikira kumunda. Akalakwitsa pamalo amodzi, womaliza kulandira amapeza ndalama zaperewera, ndiye ayambirenso. Magulu ena amaitana aphunzitsi kuti awawerengere n'kuwapatsa kangachepe. Ena amafika mdima asanamalize. Mayi wina wachikulire ku Tsangano anandiuza kuti iye ndi mlamu wake sanalankhulane mpaka nthawi yokolola chifukwa cha K3,000 imene palibe anadziwa kumene inalowera. M'chikalata chathu cha zinthu zoposa 30, kuwerengera za tsikuli kunali chakumapeto, ndipo tinakupanga mothamanga m'masiku awiri.

Nditabwerera ku ofesi ndinalakwitsanso. Ndinaimitsa sprint n'kulengeza kuti mapu ndi malipoti amitundumitundu aja tikuwasiya. Mnyamata amene anapanga mapuwo anali atatherapo masabata asanu ndi limodzi, ambiri a iwo usiku. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bwana, ndiye kuti tulo tonse tija tinatayira pachabe?" Ndinayesa kufotokoza ndi zithunzi zimene ndinajambula, koma ndinaona kuti ndikumuchita zomwe zija anandichita ine, kumufotokozera za m'maluwa. Lachiwiri lotsatira ndinamukweza minibasi mpaka ku Lizulu, kumene msewu wa M1 umalekanitsa Malawi ndi Mozambique, ndipo anakhala pa msonkhano wa amayi ogulitsa mbatata ya kachewere ndi kabichi pamsikapo. Anaona mlembi akufunafuna kabatani kamene iye anakaika pansi penipeni. Pobwerera sanalankhule zambiri. Pofika Lachisanu anali atalembanso tsamba la masheya kuti likhale la kudina kawiri kokha, ine osamutuma. Kuchokera pamenepo linakhala lamulo lathu kuti aliyense, ngakhale wolemba code, azikhala pa msonkhano wa gulu kamodzi pa mwezi. Tsiku limenelo limaoneka ngati latayika pa kalendala ya sprint, koma mikangano yambiri imene tinkathera nayo maola mu ofesi inangotha yokha.

Ulendo wovuta unali wa ku Lilongwe. Pa mtunda wonse wa makilomita oposa 80 ndinkangobwereza mumtima zimene ndikanene. Apa pali chinthu chimene ambiri a ife kuno timakumana nacho: wolipira pulogalamu ndi wina, woigwiritsa ntchito ndi wina. Wolipirayo si mdani. Nayenso ali ndi omufunsa, ndipo malipoti amawafunadi. Choncho sindinapite kukanena kuti chikalata chawo n'cholakwika. Ndinanyamula zithunzi za masamba a makope a magulu asanu, n'kuziika pambali pa zimene zinali mu pulogalamu pa masiku omwewo. Manambala sankagwirizana, chifukwa alembi ankalowetsa zinthu mochedwa, zina mongokumbukira. Ndinati, malipoti amene mukutumiza kwa okuthandizani akuchokera apa. Ngati alembi salemba msonkhano uli mkati, mapu athu okongolawo akuonetsa zabodza. M'chipindamo munangoti zii. Kenako mayi amene ankatsogolera ntchitoyo anafunsa kuti ndikufuna chiyani. Ndinapempha miyezi itatu yopanda chowonjezera chilichonse, komanso kuti tisinthe nambala imene tinkayezera ntchito yathu.

Nkhani ya nambalayi ndiikhalirepo pang'ono. Chiwerengero cha magulu olembetsedwa ndi nambala imene singatsike. Ukangolembetsa gulu, lalembetsedwa basi, kaya foni ili m'kansalu kaya yagulitsidwa. Nambala yotere imakomera mtima koma sikuuza kanthu koti uchite Lolemba m'mawa. Ife tinasankha ina: magulu angati alemba misonkhano inayi yotsatizana, uliwonse pa tsiku lake lenileni. Titawerenga koyamba tinapeza kuti magulu otere sankadzaza manja awiri. Zinawawa, koma nambala imeneyi inkayenda tikachita chanzeru ndipo inkatsika tikawononga, ndipo aliyense mu ofesi ankatha kudzifunsa ngati ntchito imene wagwira lero ikuikhudza.

Tinalembanso cholinga chathu chonse m'chiganizo chimodzi pa pepala limene tinamata pakhoma: tithandiza gulu kuphwanya banki popanda mkangano, osachotsa kope, osadalira netiweki. Mawu akuti osachotsa kope ndi amene anativuta kuvomereza, chifukwa poyamba maloto athu onse anali oti kope lithe. Koma titangosiya kulimbana nalo, zambiri zinaongoka. Manambala tinawakulitsa kuti mlembi azitembenuza foni anthu n'kumaona. Potseka msonkhano pulogalamu inkaonetsa ndalama zimene ziyenera kukhala m'bokosi, kuti owerenga ndalama afananitse ndi zimene zili pa mphasa ndi zimene zili m'kope. Foni inakhala mboni yachitatu. Mtsikana wathu wojambula uja ankayesa tsamba lililonse latsopano ndi alembi asanu tisanalitulutse, potsata zimene Jakob Nielsen analangiza kuti anthu asanu amakwanira kukuonetsa mavuto ambiri a kagwiritsidwe ntchito, bola uzibwereza kawirikawiri. Ankawapatsa foni n'kukhala chete, osawathandiza. Kukhala chete kumeneko n'kovuta kuposa mmene mungaganizire.

Zopempha sizinasiye kubwera. Pofuna kuziika mu ndondomeko tinabwereka njira yotchedwa RICE, imene inachokera ku kampani ya Intercom. Pa chopempha chilichonse umafunsa zinthu zinayi: chifikira anthu angati, chiwasinthira zinthu kwambiri bwanji, tili ndi chitsimikizo chotani pa zimene tikunenazi, ndipo chitidyera nthawi yochuluka bwanji. Zitatu zoyambazo umachulukitsa, n'kugawa ndi chachinayicho. Ife tinangosintha pamalo amodzi: pa chitsimikizo, chimene tinachiona ndi maso pa mphasa chinkalandira mapointi onse, chimene tinangomva chinkalandira theka, chimene tinaganiza tili mu ofesi chinkalandira pang'ono kwambiri. Ndinene mosabisa kuti masamu amenewa sasankhira munthu. Ukafuna kuti chinthu chipambane ukhoza kukweza manambala ake. Phindu lake ndi loti mukamatsutsana mumatsutsana pa chinthu chooneka, osati pa kukula kwa mpando wa amene wapempha.

Chopempha chimene ndinakana movutikira kwambiri chinali cholumikiza pulogalamu ndi Airtel Money ndi TNM Mpamba kuti masheya azigulidwa pafoni. Aliyense ankachifuna: bungwe, anyamata anga, ngakhale ine. Koma m'magulu amene ndinakhalamo ndalama sizinkagona m'bokosi. Zimene zasonkhedwa lero zinkabwerekedwa lero lomwe, munthu n'kupita nazo kukaoda tomato kapena kukalipira aganyu. Kuzidutsitsa pafoni kukanatanthauza ulendo wopita kwa ejenti ndi ndalama yochotsera potapa, komanso kukanachotsa kuwerenga kwa pamaso pa onse kuja. Sindinati sitidzapanga. Ndinalemba m'kabuku kamene tinkatcha ka zokanidwa: chopempha, tsiku, chifukwa chokanira, ndi chimene chiyenera kusintha kuti tidzachionenso. Kabuku kameneka kanandipulumutsa kambirimbiri, pakuti chopempha chokanidwa chimabweranso pakatha miyezi iwiri chitavala malaya ena. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo kagulu ka anthu asanu kamagwa msanga kuposa kampani yaikulu.

Tsopano ndifike pa chimene chimandipwetekabe mtima. Pofuna kuti membala aliyense akhale ndi umboni wake, tinawonjezera meseji ya SMS yopita ku foni ya munthu aliyense msonkhano ukatha. Tinavutika kuipanikiza kuti ikwane mu zilembo 160, poti mawu a Chichewa ndi aatali, mpaka inakhala yonga iyi: Mwagula masheya 3. Onse pamodzi 41. Ngongole yotsala K12,000. Titayesa ndi alembi asanu onse anaikonda. Pa RICE inapambana zonse. Tinaitsegulira magulu onse tsiku limodzi.

Patatha masabata awiri bambo wa njinga uja analowa mu ofesi osavula n'chipewa chomwe. Mayi wina wa gulu lina anali atalembetsa nambala ya mwamuna wake, poti pakhomopo foni inali imodzi. Mwamunayo ankadziwa kuti mkazi wake ali mu banki mkhonde, koma sankadziwa kuchuluka kwa masheya ake. Mayiyo ankasunga ndalamazo kuti Januwale akafika alipirire mwana fizi ya ku sekondale. Meseji yathu inafika m'manja mwa bamboyo. Pakhomopo panabuka mkangano waukulu, mayiyo anakakamizidwa kutenga ngongole pagulu n'kupereka, ndipo pambuyo pake anatuluka m'gulumo. Ndinapita kukapepesa. Anandilandira mwaulemu, anandiyalira mphasa, n'kungonena kuti, "Mwana wanga, mukanandifunsa." Sanabwererenso m'gulu lija.

Tinafunsa alembi, amene ambiri ali ndi foni zawozawo. Sitinafunse mamembala wamba funso lophweka lakuti foni iyi ndi ya ndani, ndipo amaigwira ndani madzulo. Ndipo tinatsegulira onse nthawi imodzi m'malo moyamba ndi magulu awiri kapena atatu. Tsiku lomwelo tinatseka mameseji onse. Titawatsegulanso, munthu aliyense ankafunsidwa payekha, osati pagulu, ngati akufuna meseji, ku nambala iti, komanso ngati ikhale yotchula ndalama kapena yongonena kuti msonkhano walembedwa. Amene sanayankhe sankalandira kanthu. Lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu linabwera m'dziko muno mu 2024, ndipo amene mukupanga mapulogalamu lero muliwerenge ndithu. Koma musadikire lamulo kuti muwonjezere funso limene ife tinaliika pa chinthu chilichonse chatsopano kuyambira tsiku limenelo: ichi chikafika kwa munthu amene sitinamuganizire, chipweteka ndani?

Disembala 2022 anafika, ndipo gulu loyamba kuphwanya banki ndi pulogalamu yokonzedwayo linali la ku Lizulu lija. Masamu anatuluka m'kanthawi kochepa, olondola mpaka tambala. Pamenepo ndiye panali vuto. Foni inkati mayi wa masheya 97 alandire ndalama yonga K129,483.72. Ndani ali ndi matambala 72? Ndalama yapepala yaing'ono kwambiri inali K20, ndipo zachitsulo sizioneka m'bokosi la banki mkhonde. Amayi anayamba kudula okha manambala, wina kukweza wina kutsitsa, ndipo mkangano umene tinabwera kudzathetsa unayamba kufuka utsi. Wapampando ndiye anatiwombola. Analamula kuti aliyense atsitsidwe kufika pa K100 yapafupi, zotsalazo ziwerengedwe poyera n'kukhala poyambira chaka chamawa. Mnyamata wa mapu uja anali pomwepo, ndipo usiku womwewo analemba zimenezo mu pulogalamu, n'kusiya mpata woti gulu lizisankha lokha pakati pa K50 ndi K100. Bambo wa njinga anazungulira ndi fayilo yatsopanoyo, kuisamutsa foni ndi foni pa Bluetooth, poti alembi sakanawononga bandulo yawo pa ife.

Zimenezi zinatiphunzitsa kuti kalendala yathu isamayendere sprint yokha. Kuyambira Novembala mpaka Januwale sititulutsa chatsopano chilichonse kupatula kukonza chimene chawonongeka, chifukwa ndi nthawi yophwanya mabanki, yobzala ndi yopalira, ndipo palibe mlembi amene ali ndi mtima wophunzira batani latsopano. Zoyesayesa timazichita anthu akakolola. Ndalama nazo tinayamba kuziwerengera pa gulu limodzi pa mwezi: seva (kompyuta ya pa intaneti yosunga zonse za mu pulogalamu), mameseji, mafuta a njinga. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bilu ya seva, imene timalipira m'madola, inalumpha usiku umodzi. Tikanakhala tikusungabe zithunzi za mamembala onse ndi mapu aja, sindikhulupirira kuti tikanakwanitsa.

Mwezi wotsatira ndinabwereranso ku Bembeke pa tsiku lawo lophwanya banki. Kunali mitambo, ndipo anakumana m'kati mwa tchalitchi poopa mvula. Owerenga ndalama anaunjika ma K5,000 paokha, ma K2,000 paokha, n'kulengeza zonse pamodzi. Mlembi anawerenga nambala ya m'kope. Kenako anatembenuza foni n'kuikweza m'mwamba, ndipo mtsikana wina wa kutsogolo anawerenga mokweza zimene zinali pagalasi. Panali kusiyana kwa K2,000. Anabwerera m'mbuyo tsamba ndi tsamba mpaka anapeza chindapusa cha mu Ogasiti chimene chinalembedwa m'kope koma osalowa mufoni, ndipo anakonza foniyo, osati kope. Anaitana mayina mmodzimmodzi, aliyense n'kuwerenga zake pamaso pa anzake asanamange pa chitenje. Mvula isanayambe anali atamaliza. Mlembi anakopera manambala onse a mufoni m'kope lake, mzere ndi mzere, anasainitsa wapampando ndi msungichuma, kenako anandifunsa ngati chaka chamawa tingakulitseko zilembo za mayina, poti maso ake ayamba kuchita chidima. Ndinalemba pempholo pamwamba pa backlog ndili pomwepo.